Bradford Bulls: Ng'ombe Zomwe Zinagwera M'dzenje la Odsal

Nkhaniyi ikuchokera kumpoto kwa England, mumzinda wa Bradford. Mu Febuluwale 2006 timu ya mumzindawu, Bradford Bulls, inakwapula Wests Tigers ya ku Australia 30-10 n'kukhala akatswiri a dziko lonse pa masewero a rugby league kachitatu m'zaka zisanu. Pa 3 Januwale 2017 kampani yomwe inkayendetsa timuyo inathetsedwa chifukwa cha ngongole, osewera ndi antchito onse n'kutsala padzuwa. Pakati pa masiku awiriwa panadutsa pafupifupi zaka 11 zokha. M'zaka zimenezo ochemerera sanathawe, ndipo mzinda sunasiye kubala ana aluso. Chinavuta chinali ndalama, komanso bwalo lomwe timuyi imalinyadira kuposa chilichonse.

Poyamba pafunika kulongosola masewerowo, chifukwa rugby yomwe ambiri amaionera pa kanema, ya ma Springboks a ku South Africa, ndi ina. Imeneyo ndi rugby union, ya osewera 15 mbali iliyonse. Rugby league ndi ya osewera 13. Timu ikakhala ndi mpira imaloledwa kugwetsedwa kasanu ndi kamodzi, ikalephera kugoletsa mpira umapita kwa anzawo. Kukagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, chomwe amati try, kumapatsa mapointi 4. Masewero awiriwa anapatukana pa 29 Ogasiti 1895, pomwe makalabu a kumpoto anakumana ku George Hotel mumzinda wa Huddersfield n'kuchoka m'bungwe lalikulu la rugby. Mkangano wake unali wa malipiro. Osewera a kumpoto anali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, ndipo akajomba kuntchito Loweruka kuti akasewere ankadulidwa ndalama. Makalabu awo ankafuna kuwabwezera ndalamazo, koma akuluakulu a ku London ankati njonda siilandira malipiro posewera. Choncho rugby league inabadwa ngati masewero a anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo mpaka lero mizu yake ku England ili m'matauni a Yorkshire, Lancashire ndi Cumbria.

Bradford panthawiyo inali likulu la malonda a ubweya wa nkhosa padziko lonse. Ndalama zinalipo, anthu analipo, koma rugby league sinayende mosavuta mumzindawu ngakhale pachiyambi pomwe. Manningham, kalabu ya ku Bradford yomwe inatenga ligi yoyamba ya bungwe latsopanolo mu 1896, inasiya rugby mu 1903 n'kusanduka timu ya mpira wamiyendo ya Bradford City. Mu 1907 kalabu ina yaikulu, Bradford FC, inachitanso chimodzimodzi. Okonda rugby omwe anatsala anakwiya, nayambitsa timu yawo yomwe anaitcha Bradford Northern.

Mu 1934 Northern inasamukira ku Odsal, kumwera kwa mzinda. Malowa anali chidzenje chachikulu chomwe khonsolo inkatayako zinyalala. Anasalaza pansi pake n'kukhala bwalo, m'mbali mwake motsetsereka n'kukhala poimirira anthu. Munthu akafika ku Odsal salowa n'kukwera masitepe monga m'mabwalo ena. Amafika pamwamba n'kuyang'ana pansi, osewera akuoneka ang'onoang'ono m'kati mwa chidzenjecho. M'nyengo yozizira nkhungu imakhazikika mmenemo, ndipo mphepo ya ku Yorkshire imamenya aliyense woima pamtunda. Koma kukula kwake kunalibe mnzake. Pa 5 Meyi 1954, pomwe Warrington ndi Halifax zinkabwereza ndime yomaliza ya Challenge Cup, anthu omwe anawerengedwa pazipata anali 102,569, ndipo ambiri amakhulupirira kuti olowa osawerengedwa analinso zikwizikwi.

M'zaka za m'ma 1940 Northern inali pakati pa matimu oopsa. Inatenga Challenge Cup mu 1944, 1947 ndi 1949, ndipo inafika ku Wembley zaka zitatu zotsatizana, ikutsogoleredwa ndi Ernest Ward ndi Trevor Foster, mnyamata wa ku Newport ku Wales yemwe anabwera mu 1938. Akatswiriwa atakalamba, timu inalowa pansi. Mu Novembala 1963 anthu 324 okha ndi omwe anabwera kudzaonera masewero ndi Barrow, m'bwalo lomwe linanyamula anthu oposa 100,000 zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Mwezi wotsatira kalabu inatsekedwa ligi ili m'kati. Foster ndi mnzake Joe Phillips, wa ku New Zealand, anayenda m'mzinda kumema anthu, anaitanitsa msonkhano ku St George's Hall, ndipo mu 1964 Bradford Northern yatsopano inalowanso m'bwalo anthu oposa 14,000 akuonerera. Foster anatumikira kalabuyo mpaka ukalamba wake, pomaliza ngati wosunga nthawi ya masewero, ndipo anamwalira mu 2005. Imfa ya timu ya mu 2017 inali yachiwiri.

Northern inatenganso ligi mu 1980 ndi 1981 pansi pa mphunzitsi Peter Fox, ndipo inakulitsa Ellery Hanley, mmodzi mwa osewera apamwamba kwambiri omwe Britain inakhalapo nawo, koma anagulidwa ndi Wigan mu 1985. Kupatula apo, inali timu yolimba koma yosakopa maso, yosewera m'matope pamaso pa anthu ochepa.

Zinthu zinatembenuka mu 1995. Kampani ya Rupert Murdoch, mwini wa kanema wa Sky panthawiyo, inapereka mapaundi 87 miliyoni kuti masewerowa asinthe: ligi yatsopano yotchedwa Super League, yoseweredwa m'chilimwe m'malo mwa nyengo yozizira, osewera onse olembedwa ntchito yokhazikika. Makalabu ambiri analandira ndalamazo akunyinyirika. Bradford inazilandira ndi manja awiri. Wapampando Chris Caisley anachotsa dzina la Northern n'kuika la Bulls, anabweretsa mphunzitsi Brian Smith kuchokera ku Australia, ndipo analemba Peter Deakin, munthu yemwe anaphunzira ku America mmene amatsatsira masewero. Deakin anaona kuti kukula kwa Odsal, komwe kunkachititsa manyazi anthu akachepa, kungasanduke malonda. Masewero asanayambe kunkakhala oimba, ovina, moto wophulika m'mwamba, njinga zamoto ndi munthu wovala ngati ng'ombe wotchedwa Bullman. Osewera ankatumizidwa m'masukulu kukacheza ndi ana, ana n'kukoka makolo awo. Atolankhani anatcha chipwirikiticho Bullmania. Achikulire ena ankati ndi zachibwana, koma matimu ena onse anayamba kutengera.

Ndipo pabwalo zinkayenda. Mu 1996 Bulls inagonja kwa St Helens 40-32 mu ndime yomaliza ya Challenge Cup ku Wembley, koma kaputeni wake Robbie Paul, wa zaka 20, anagoletsa ma try atatu n'kutenga mphoto ya wosewera bwino koposa. Mu 1997, pansi pa Matthew Elliott, inapambana masewero 20 oyamba motsatizana n'kutenga ligi. Mu 1999 anthu 24,020 anadzaza Odsal kudzaonera masewero ndi Leeds Rhinos, adani awo a pakhomo. Brian Noble, mwana wa mumzinda momwemo yemwe kale anali wapolisi komanso kaputeni wa Great Britain, atatenga timu mu 2001 inafika mu Grand Final, ndime yomaliza yolimbirana chikho cha ligi, ku Old Trafford zaka zisanu zotsatizana. Inathibula Wigan 37-6 mu 2001, inagonja ndi pointi imodzi kwa St Helens mu 2002, inagonjetsanso Wigan mu 2003, inagonja kwa Leeds mu 2004, n'kubwezera Leeds yomweyo 15-6 mu 2005. Mu 2003 inasesa zikho zonse zitatu za m'dzikomo. Akatswiri a ku Australia anabwera katatu, Newcastle Knights mu 2002, Penrith Panthers mu 2004 ndi Wests Tigers mu 2006, ndipo onse anabwerera chimanjamanja.

Inali timu ya zimphona. Kutsogolo kunali Stuart Fielden, Joe Vagana, Paul Anderson ndi Jamie Peacock, anthu omwe ankafooketsa adani ndi thupi mpaka mphindi 20 zomaliza zikhale zongotola mapointi. Kumbali kunali Lesley Vainikolo, wobadwira ku Tonga, yemwe ochemerera ankamutcha Volcano. Mu 2004 anagoletsa ma try 36 mu ligi, ndipo mu 2005 anagoletsa 6 m'masewero amodzi ndi Hull. Paul Deacon ankamenya mpira pakati pa milongoti mosaphonya kawirikawiri, James Lowes akuyendetsa zonse pakati.

M'zaka zomwezo za chikondwerero ndi momwe munalowa mavuto, ndipo oyamba anali a bwalo. Odsal ndi ya khonsolo ya Bradford, ndipo kwa zaka zambiri khonsolo ndi yomwe inkalipira zokonza. Panabwera mapulani osiyanasiyana omanga bwalo lamakono pamalopo, ena olonjeza denga ndi masitolo, koma onse anathera papepala. Mu 2001 ndi 2002 timu inakasewera ku Valley Parade, bwalo la Bradford City, podikira ntchito yomanga yomwe sinachitike. Pobwerera ku Odsal, kalabu inagwirizana ndi khonsolo kuti ilandire ndalama zambiri kamodzi, mapaundi mamiliyoni angapo, n'kutenga lizi ya zaka zambiri pamodzi ndi udindo wonse wosamalira bwalolo. Tsiku losainirana zinaoneka ngati phindu. Gawo la ndalamazo linamanga nyumba yolandiriramo alendo olemera kumapeto kwa bwalo, zina zinalowa m'zofuna za tsiku ndi tsiku. Zitatha, chidzenje chinatsala chikufuna ndalama chaka ndi chaka: masitepe a simenti ong'ambika, magetsi, ngalande za madzi, alonda oyang'anira malo aakulu kuposa anthu obwera.

Vuto lachiwiri linali la Iestyn Harris. Katswiriyu anachoka ku Leeds mu 2001 kupita ku rugby union ku Cardiff, ndipo mgwirizano unali woti akadzafuna kubwerera, Leeds ndi yoyamba kufunsidwa. Mu 2004 anasaina ku Bradford. Leeds inapita kukhothi, mlandu unatenga zaka, ndipo mu 2008 Bradford inavomera kulipira mapaundi 550,000, kuwonjezera pa zomwe maloya anali atadya kale. Kwa kalabu ya mpira wamiyendo ya mu Premier League imeneyo ndi ndalama ya malipiro a sabata imodzi kapena ziwiri a wosewera mmodzi wapamwamba. Mu rugby league, momwe malipiro a timu yonse pachaka panthawiyo sankaloledwa kufika mapaundi 2 miliyoni, linali bala lakuya.

Kenaka anthu anayamba kuchoka. Kumapeto kwa 2005 Peacock anapita ku Leeds, Leon Pryce ku St Helens. Mu 2006 Noble anapita ku Wigan ndipo patangopita miyezi iwiri anakoka Fielden pa mtengo wa mapaundi 450,000. Vainikolo anapita ku rugby union mu 2007. Chaka cha 2009 Bulls inalephera kulowa m'masewero opikisanirana chikho cha ligi, koyamba chiyambireni dongosolo limeneli, ndipo chaka chomwecho Sam Burgess, mnyamata wolimba kwambiri yemwe kalabu inakulitsa, anasaina ku South Sydney atakopedwa ndi mwini wake wina wa timuyo, katswiri wa mafilimu Russell Crowe. Abale ake awiri amapasa, George ndi Tom, anamutsatira. Pambuyo pake John Bateman ndi Elliott Whitehead, onse ana a ku Bradford, anachokanso n'kudzakhala mizati ya timu ya dziko la England. Sukulu ya achinyamata ya Bulls inapitiriza kubala akatswiri, koma odyerera anali ena.

Anthu atayamba kuchepa pazipata, akuluakulu a kalabu anatsitsa kwambiri mtengo wa matikiti a chaka chonse a 2011, ndipo anthu oposa 10,000 anagula. Bwalo linaoneka lodzaza, koma ndalama zolowa sizinafanane ndi unyinjiwo. Mu Januwale 2012 kunamveka kuti kalabu yagulitsa lizi ya Odsal ku Rugby Football League (RFL), bungwe loyendetsa masewerowa, ndipo idzilipira lendi. Zinali ngati munthu wogulitsa munda wa makolo kuti abweze katapila, n'kumabwerekanso munda womwewo pa ndalama. Patangotha miyezi iwiri wapampando Peter Hood analengeza kuti banki yatseka mpopi, a msonkho akufuna zawo, ndipo pakufunika mapaundi 1 miliyoni, theka lake mwamsangamsanga, apo ayi timu itha.

Zomwe anachita anthu wamba m'masabata awiri otsatira ndi mbali yomvetsa chisoni kwambiri ya nkhaniyi. Anasonkha mapaundi 500,000. Ana anabweretsa ndalama zawo za m'tizitini, okalamba anatapa pa penshoni, osewera akale anagulitsa malaya ndi mphete zawo za ukatswiri. Ochemerera matimu ena, ngakhale a Leeds, anaponyamo zawo. Lachisanu Loyera la chaka chimenecho anthu oposa 20,000 anatsikira mu Odsal ndipo Bulls inagonjetsa Leeds 12-4. Koma pa 26 Juni 2012 kalabu inalowabe mu administration, dongosolo la malamulo a ku Britain lomwe kampani yolephera kubweza ngongole imaperekedwa m'manja mwa katswiri wa zachuma kuti aigulitse kapena aitseke. Ndalama za anthu zija zinamira m'ngongole osasintha kanthu. Katswiriyo anachotsa ntchito anthu 16, kuphatikizapo mphunzitsi Mick Potter, yemwe anabwerera n'kumaphunzitsa timu osalandira malipiro mpaka ligi inatha. Timu inalandidwa mapointi 6.

Kuchokera apa nkhani ndi ya eni atsopano obwera ndi malonjezo n'kuchoka. Omar Khan, mwini malo odyera mumzindamo, anagula kalabu mu Seputembala 2012 mothandizana ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo Gerry Sutcliffe. Koma chilolezo chotsalira mu Super League chinabwera ndi chilango: kwa zaka ziwiri Bradford inkalandira theka lokha la ndalama za kanema zomwe matimu ena ankalandira. Ena amati chilangocho chinali choyenera, chifukwa kalabu yomwe yathawa ngongole zake siyenera kuyamba mofanana ndi anzake olipira mokhulupirika. Mfundoyo ndi yomveka. Komabe n'zovuta kuona mmene wodwala wotere akanachirira atamuchepetsera chakudya, ndipo sanachire. Kumayambiriro kwa 2014 kalabu inalowanso mu administration, inalandidwanso mapointi 6, inagulidwa ndi Marc Green, ndipo kumapeto kwa chakacho inatuluka mu Super League pamodzi ndi London Broncos. Mu Okutobala wa chaka chomwecho, ku Sydney, Sam Burgess anathyoka fupa la tsaya pa mphindi yoyamba ya Grand Final ya ku Australia, anasewera mpaka kumapeto, South Sydney inatenga chikho koyamba m'zaka 43, iye n'kusankhidwa wosewera bwino koposa. George ndi Tom anali naye m'timu yomweyo.

Green anabetcha pa kubwerera msanga. Anasunga timu yodula ya osewera okhazikika mu ligi yachiwiri, ya Championship, momwe ndalama za kanema ndi zochepa kwambiri. Mu Okutobala 2015 zonse zinatsamira pa masewero amodzi ndi Wakefield, omwe ankatchedwa Million Pound Game chifukwa cha kusiyana kwa ndalama pakati pa maligi awiriwo. Bradford inagonja 24-16. Chaka chotsatira inathera pa nambala 5, mu Novembala inalowa mu administration kachitatu, wogula woyenera sanapezeke, ndipo mu Januwale 2017 kampani inathetsedwa.

Bungwe la RFL linalola kuti pakhazikitsidwe kalabu yatsopano ya dzina lomwelo, pansi pa Andrew Chalmers ndi Graham Lowe a ku New Zealand. Inayamba Championship ya 2017 ili ndi ngongole ya mapointi 12, ndi osewera otoleredwa m'masabata ochepa, ambiri a iwo anyamata osakhwima, ndipo inagwera mu League 1, ligi yachitatu. Timu yomwe inagonjetsa Penrith Panthers tsopano inkayenda kukasewera ndi Hemel Stags ndi Coventry Bears, m'mabwalo momwe ochemerera a Bradford ankachuluka kuposa eni khomo. Masewero ena mu 2018 inagonjetsa West Wales Raiders 124-0, chigoli chomwe sichinasangalatse aliyense woganiza bwino. Mphunzitsi John Kear, mkhalakale pa masewerowa, anaikweza chaka chomwecho itagonjetsa Workington Town, ndipo mu Meyi 2019 anapatsa mzinda tsiku lomwe unalilakalaka: Bulls ya mu ligi yachiwiri inatulutsa Leeds Rhinos mu Challenge Cup, 24-22, ku Odsal, dziko lonse likuonera pa BBC.

Patangopita miyezi inayi timu inachoka ku Odsal. Chalmers anati lendi, misonkho ya malo ndi zokonza zafika posapiririka. Bulls inakabwereka bwalo laling'ono ku Dewsbury, tauni ina ya ku Yorkshire, ndipo chidzenje chija chinatsala chikumera udzu. Kumapeto kwa 2019 kalabu inagulidwa ndi gulu lotsogoleredwa ndi Nigel Wood, yemwe anali mkulu wa RFL panthawi yomwe bungwelo linagula lizi ija, pamodzi ndi Mark Sawyer, wapampando wa Dewsbury Rams. Mu 2021 timu inabwerera kwawo, koma mogawana bwalo ndi a mpikisano wa magalimoto. Msewu wa magalimotowo umazungulira bwalo, ndipo unapanikiza malo osewerera mpaka matimu obwera ankadandaula kuti ndi opapatiza ndiponso ngodya zake n'zoopsa. Koma magalimoto ankabweretsa ndalama, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri Odsal inkathandizako kudzilipirira.

Eni atsopanowa anachita chinthu chosakoma kuonera koma chofunika: analeka kuthamanga. Osewera ambiri anali aganyu, ogwira ntchito zina masana n'kumachita zokonzekera madzulo. Zaka zambiri timu inkathera pafupi ndi pamwamba mu Championship koma osakwera, ndipo kangapo inatsekeredwa njira ndi Toulouse ya ku France. Mu 2025 Brian Noble anabwerera kudzakhala mphunzitsi, ndipo chaka chomwecho kalabu inagulanso lizi ya Odsal kuchokera ku RFL, patatha zaka 13.

Kubwerera ku Super League kunadzera mu ofesi. Mu 2022 akuluakulu a rugby league anachita mgwirizano wa zaka 12 ndi kampani ya IMG, yomwe inabweretsa njira yatsopano yosankhira matimu a mu ligi yaikulu. M'malo mwakuti womaliza atuluke ndipo woyamba wa m'munsi akwere, kalabu iliyonse imapatsidwa malikisi pa 20: za pabwalo ndi gawo limodzi chabe, kwinako amayang'ana kuchuluka kwa oonerera pazipata, pa kanema ndi pa intaneti, mmene chuma chilili, ubwino wa bwalo ndi ntchito za m'dera. Mu Okutobala 2025 Bradford inapezeka pa nambala 10, ndipo inatenga malo a Salford Red Devils mu Super League ya 2026. Pabwalo chaka chimenecho Bulls inathera pa nambala 3 mu Championship ndipo sinafike mu ndime yomaliza. York ndi yomwe inatsogola pa ligi, Toulouse n'kutenga chikho. Matimu awiriwo analowa pambuyo pake, ligi itakulitsidwa kuchoka pa matimu 12 kufika pa 14.

Sikuti aliyense anaombera m'manja. Ochemerera matimu ena anafunsa mmene Odsal, ndi masitepe ake akale ndi msewu wa magalimoto, inapezera malikisi okwanira. Ena analoza kuti Nigel Wood anali atachoka pampando wa Bulls kumayambiriro kwa 2025 n'kubwerera kukatsogolera RFL m'miyezi yomwe zosintha zimenezi zinkakambidwa. Malikisi amawerengedwa potsata ndondomeko yolembedwa, ndipo kalabu inagwira ntchito yooneka pokonza bwalo ndi mabuku ake a chuma kuti iwapeze. Koma m'masewero omwe anabadwa chifukwa chokana kulamulidwa ndi anthu a m'maofesi, kukwera kopanda kupambana pabwalo kumasiya kakhosi. Ndipo timu yomwe Bradford inalowa m'malo mwake inali kudutsa njira yomwe Bradford ikuidziwa bwino: Salford, yomwe inafika mu Grand Final mu 2019, inatha chaka cha 2025 ikuchedwa kulipira osewera, ikugulitsa akatswiri ake, ndipo mu Disembala khothi linaithetsa chifukwa cha ngongole ya msonkho. Kurt Haggerty, yemwe Bradford inamusankha kukhala mphunzitsi wa 2026, anachokera ku Salford komweko.

Zifukwa zoyembekezera zabwino zilipo. Bradford ndi dera la anthu oposa theka la miliyoni, lalikulu kuposa Wigan, St Helens kapena Castleford, ndipo masewero a Bulls ndi Leeds amakopa anthu kuposa ambiri mu ligi, chomwe a kanema amachifuna. Lizi ili m'manja mwa kalabu, kotero ndalama za magalimoto, zoimbaimba ndi zochitika zina pabwalopo zikhoza kulowa m'thumba lake. Eni ake ndi gulu la anthu angapo, osati munthu mmodzi yemwe akatopa zonse zimagwa.

Koma Super League yomwe Bulls yabwererako si ija ya 2003. Ndalama za Sky, zomwe zinafika pafupifupi mapaundi 40 miliyoni pachaka chisanafike chaka cha 2022, zatsika kufika pafupi ndi theka. Makalabu olimba monga Wigan, Leeds, Warrington ndi Hull KR amadalira eni olemera omwe amakwirira zoperewera chaka ndi chaka. Wachinyamata waluso wa ku Bradford lero amayang'ana ku Australia, komwe malire a malipiro a timu ndi okwera kuwirikiza kangapo. Mzinda nawonso unasintha. Mafakitale a ubweya anatsekedwa kalekale, Bradford ili pakati pa madera osauka a England, ndipo anthu ake ambiri, makamaka achinyamata, ndi a mabanja ochokera ku Pakistan ndi maiko oyandikana nalo, omwe mtima wawo uli pa cricket ndi mpira wamiyendo. Ngakhale m'masiku a Bullmania kalabu sinakwanitse kukopa ambiri a iwo, ndipo ana a zaka 15 a mumzindamo sanaonepo Bulls ikunyamula chikho chachikulu. Kuchoka pa timu ya osewera aganyu kufika pa yokhazikika m'miyezi itatu kunafuna kulemba osewera ambiri atsopano nthawi imodzi, aliyense ndi kontrakiti yofuna kulipidwa mwezi ndi mwezi, kaya anthu abwera 12,000 kaya 6,000. Ndipo Odsal, ngakhale yakonzedwa mwina ndi mwina, mbali yake yaikulu ikadali yopanda denga, ndipo ndalama zoimangira mwamakono, zomwe khonsolo inapempha ku boma n'kukanidwa mu 2023, sizinapezekebe.